TISANAKUMBE MAZIKO TIYAMBE TADZIWA WODZAKONZA

Mawu ali m'munsiwa analankhulidwa ndi mlembi wofalitsa nkhani za chipani pa msonkhano wa atsogoleri a m'madera ndi m'nthambi pamodzi ndi ogwira ntchito m'Boma, umene unachitikira pa Boma la Mzimba.

Ndipempha chilolezo chanu kuti ndilankhule m'Chichewa, popeza pakati pathu pali anzathu ambiri ogwira ntchito m'Boma amene anachokera ku maboma ena, ndipo Chitumbuka akali kuchiphunzira.

Nkhani imene ndabwera nayo lero ndi ya ndalama zoyendetsera zinthu zimene tonse timagwiritsa ntchito, monga mjigo, mlatho, msewu, sukulu, chipatala, msika ndi dibi la ng'ombe. Boma la Mzimba ndi lalikulu koposa maboma onse m'Malawi, ndipo kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti muno muli anthu oposa 900,000, osawerengera mzinda wa Mzuzu. Anthu onsewa afuna madzi, misewu ndi mankhwala tsiku ndi tsiku. Tsono tiyenera kufunsana poyera, popanda manyazi, kuti kodi ndalama za zinthu zimenezi zichokera kuti chaka ndi chaka.

Mwezi wathawu ndinali pa ulendo m'mudzi wina kumwera kwa boma lino. Ndinapeza amayi akutunga madzi pachitsime cha m'dambo, ng'ombe nazo zikumwa chapafupi pomwepo. Pamtunda pang'ono panali mjigo, ndipo pambali pake chikwangwani cholembedwa dzina la bungwe limene linaukumba, utoto wake ukali kuwala. Nditafunsa, anandiuza kuti mjigowo unaleka kutulutsa madzi miyezi isanu yapitayo. Mmisiri wa m'deralo anali atauona kale, nanena kuti zimene zinatha ndi timphira ta m'kati, tamtengo wosafika ngakhale pa mbuzi imodzi. Ndinafunsa a komiti kuti m'thumba mwawo muli zingati. Anayang'anana, kenaka msungichuma anati, "Bwana, anthu analeka kusonkha. Amati mjigo ngwa Boma, ndiye tikudikira a Boma." M'mudzi umenewo ndinawerenga nyumba za malata zoposa makumi awiri, zina ziri ndi magetsi a dzuwa padenga. Umphawi ulipo, sindikana ai, koma chimene chinapha mjigo uja nchakuti panalibe pangano lomveka lonena kuti wokonza ndani, ndi kuti ndalama zake zidzachokera kuti.

Mabwana ndi madona, chinthu cha tonse chiri ndi khalidwe lake. Mlatho ukamangidwa, wosonkha ndi wosasonkha yemwe amaoloka chimodzimodzi, pakuti simungaike mlonda woti azibweza anthu pamtsinje. Chifukwa cha ichi munthu aliyense amalowa m'chiyeso choti angokhala chete, anzake alipire, iye adzapezepo phindu. Aliyense akaganiza chomwecho mlatho sumangidwa, ndipo umene ulipo umagwa. Inu a kuno mudziwa bwino za dibi: mwini ng'ombe mmodzi wokana kusambitsa zake amabweretsa nkhupakupa kudambo kumene zimadya ng'ombe za mudzi wonse.

Ndiponso chinthu chirichonse cha tonse chiri ndi mitengo iwiri. Woyamba ndi mtengo womangira. Umenewu umalipidwa kamodzi, ndipo pa tsiku lotsegulira pamakhala alendo, zolankhula ndi ingoma. Wachiwiri ndi mtengo wosamalira, umene sutha mpaka chinthucho chitatha, ndipo palibe amene amauvinira. Ife atsogoleri timakonda mtengo woyambawo chifukwa dzina lathu limamveka. Mtengo wachiwiriwo timausiyira mphepo.

Kuti timvetse chifukwa chake anthu athu amaopa mawu akuti msonkho, tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'chaka cha 1904 Alfred Sharpe anakumana ndi mafumu a Angoni ku Ekwendeni, ndipo dera lino linalowa mu ulamuliro wa atsamunda. Pofika 1906 msonkho wa nyumba unayamba kutoleredwa. Ndalama kuno kunalibe, kotero kuti amuna ambiri anauyamba ulendo wa ku Rhodesia ndi ku Joni kukasaka ya msonkho, ndipo ena mwa iwo anasanduka machona. Msonkho umenewo unali kutuluka m'mudzi osabweranso, pakuti sukulu ndi zipatala zambiri zinali m'manja mwa amishoni, monga ku Embangweni kumene Donald Fraser anatsegula mishoni mu 1902. Makolo athu anaphunzira kuti msonkho ndi chinthu chothawa, ndipo maganizo amenewo sanatheretu kufikira lero.

Koma anthu omwewo anaonetsa kuti sakana kusonkha pamene akuona ndi maso awo chimene akusonkhera. M'chaka cha 1968 ku Chingale, m'boma la Zomba, kunayamba ntchito ya madzi a m'mipope oyenda okha kuchokera kumapiri, popanda injini. Boma ndi mabungwe othandiza anali kupereka mapaipi ndi amisiri, pamene anthu a m'midzi anali kukumba ngalande ndi makasu awo, mudzi uliwonse chigawo chake. Njira imeneyi inafalikira m'maboma ambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1980 inafika kuno ku Champhira. Ena mwa inu munagwira nawo khasu pa ntchito imeneyo muli anyamata ndi atsikana. Alendo anali kubwera kuchokera ku maiko ena kudzaona m'mene Amalawi anachitira.

Nanga chinachitika nchiyani pambuyo pake? M'chaka cha 2000 mayi wina wofufuza, Elizabeth Kleemeier, anasindikiza zimene anapeza atayendera ena mwa masikimu a madzi amenewa m'dziko muno. Anapeza kuti ang'onoang'ono ndi atsopano anali kuyenda bwino, koma pafupifupi theka anali kuyenda mopereka nkhawa. Makomiti a m'midzi anali kutha kukonza zazing'ono, monga mpope wodontha, koma ntchito zazikulu zofuna ndalama ndi luso zinali kuwakanika, ndipo thandizo la Boma pa ntchito zoterozo linali litachepa. Phunziro lake ndi ili: thukuta la anthu likhoza kukumba ngalande, koma paipi yaikulu ikaphulika pafunika ndalama zogulira ina, ndipo ndalamazo ziyenera kukhala zitasungidwa kale.

Tinayesanso njira ina, yonena kuti zonse zikhale zaulere. M'chaka cha 1994 fizi ya ku pulaimale inathetsedwa, ndipo ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino kuti mwana wa mmphawi alowe m'kalasi. Koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo, motero ana ambiri anaphunzirira pansi pa mitengo. Mawu akuti "ulere" amangotanthauza kuti wolipira ndi wina, ndipo ngati winayo sanatchulidwe dzina, mwana ndiye amalipira pokhala pafumbi.

Kwa zaka zambiri winayo anali maiko otithandiza. Chaka cha 2013 chisanafike, pa K100 iriyonse ya bajeti ya dziko lino pafupifupi K40 inali yochokera kunja. Itaululika nkhani ya kubedwa kwa ndalama za Boma ku Capital Hill m'chaka chimenecho, pamene ofufuza anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, maiko aja analeka kuika ndalama zawo m'thumba la Boma. Mu 2025 dziko la America linadula thandizo lake lalikulu m'maiko ambiri, natseka bungwe la USAID, ndipo inu a zaumoyo munaona nokha m'mene ntchito zina zinaimira. Tiwathokoza abwenzi athu pa zonse zimene anatichitira, koma akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dziko silingakonze moyo wa ana ake podalira chisankho cha anthu a kutsidya kwa nyanja.

Tsono njira yotheka ndi iti? Ine ndiona kuti katundu ameneyu ayenera kugawidwa pa mitu itatu, monga mwa kulemera kwake, ndipo mutu uliwonse udziwe gawo lake.

Mutu woyamba ndi mudzi. Zinthu zimene ogwiritsa ntchito ake ndi owerengeka ndipo amadziwana maina, monga mjigo, mpope, dibi ndi nkhalango ya mudzi, eni ake azisamalire okha ndi chopereka cha mwezi ndi mwezi. Muyeso wa Boma ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu 250, amene ndi mabanja ngati 50. Tiyerekeze kuti banja lirilonse lipereka K1,000 pa mwezi. Pa mwezi ndi K50,000, pa chaka ndi K600,000. Mjigo wa mtundu wa Afridev, umene chiyambi chake chinali m'Malawi muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuutsegula ndi kusintha timphira okha. Mayi Elinor Ostrom wa ku America, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anafufuza midzi ya m'maiko ambiri napeza kuti chuma cha tonse chimakhalitsa pamene eni ake apangana okha malamulo, adziwa amene ali m'gulu, ayang'anirana, ndipo wolakwa alandira chilango choyamba ndi chaching'ono. Amakhosi athu akhala akuchita zomwezi pabwalo kuyambira kale. Okalamba, amasiye ndi olumala mudzi uwakhululukire poyera, maina awo alembedwe, kuti wina asabisale kumbuyo kwawo.

Mutu wachiwiri ndi Khonsolo ya M'mbelwa. Misika, malo okwerera basi, misewu ya m'midzi, timilatho ndi ukhondo wa pa Boma, pa Jenda, pa Euthini ndi pa Embangweni ndi katundu woposa mphamvu za mudzi umodzi. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu zotolera ndalama za m'misika, za ziphaso za malonda ndi msonkho wa malo ndi nyumba. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya chaka chomwecho inanenanso kuti K5 pa K100 iriyonse imene Boma latolera izipita ku chitukuko cha m'maboma. Lonjezo limeneli lakhala lovuta kulikwaniritsa, ndipo kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko linakhala lopanda makhansala konse. Tiyenera kupitiriza kukumbutsa likulu za gawo lathu, koma tiyambe takonza pakhomo pathu. Mayi wogulitsa tomato pa Jenda amadula tikiti tsiku ndi tsiku. Ngati pamsikapo palibe chimbudzi chabwino, madzi kapena potaya zinyalala, tidzamuuza chiyani akadzakana kulipira? Ndipempha kuti gawo lodziwika la ndalama za msika uliwonse lizitsala pamsika pomwepo, ndipo komiti ya ochita malonda izidziwa kuchuluka kwake.

Mutu wachitatu ndi Boma lalikulu, kudzera m'misonkho imene bungwe la MRA limatolera. Chipatala chachikulu cha boma lino, malipiro a aphunzitsi ndi anamwino, apolisi, msewu wa M1 ndi mapaipi aakulu a masikimu a madzi ndi katundu wa dziko lonse. Pano tiri ndi zitsanzo za mapangano amene ali ndi mutu. Lamulo la 2006 linakhazikitsa thumba la misewu, limene limalandira gawo la mtengo wa mafuta a galimoto, ndipo zipata zolipiritsa zinatsegulidwa pa Chingeni mu 2021 ndi pa Kalinyeke mu 2022. Nzeru yake ndi yakuti wowononga msewu kwambiri alipire kwambiri, ndipo ndalamazo zibwerere kumsewu. Chitsanzo china ndi mgwirizano wa Boma ndi zipatala za mishoni za m'bungwe la CHAM, m'mene Boma limalipira antchito, ndiponso limalipirira amayi oyembekezera ndi ana m'malo amene chipatala cha Boma chiri kutali. Mapangano otere amayenda pokhapokha ndalama zikafika pa nthawi yake, ndipo zikapita kumene zinalembedwa.

Pamwamba pa mitu itatu imeneyi ndiika malamulo anai amene ndipempha kuti tiwagwire tonse.

Loyamba: tisaike mwala wa maziko tisanadziwe kumene kudzachokera ndalama zomalizira ndi zosamalira. Pafupi ndi Boma lino mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera unaikidwa mu 2015, ndipo zaka khumi zinatha isanalandire wophunzira ndi mmodzi yemwe. Maboma a zipani zosiyana analowa ndi kutuluka m'zaka zimenezo, kotero sindiloza chala munthu. Ndingonena kuti chiyembekezo cha ana athu nchinthu chosayenera kuseweretsa. Chimodzimodzi ndi thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, limene linayamba mu 2006: chipinda chimodzi chomalizidwa, chokhala ndi madesiki, chiposa zipinda zisanu zolekezera pa mawindo.

Lachiwiri: pa ntchito iriyonse yatsopano papatulidwe ndalama za chisamaliro kuyambira tsiku loyamba, ndipo zisungidwe kubanki kapena pa akaunti ya foni ya gulu, osati m'chikwama cha msungichuma. Popeza ndalama yathu imagwa mphamvu, monga tinaonera mu Novembala 2023 pamene Kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, komiti yanzeru imagula zipangizo nthawi yokolola nkuzisunga, ndipo imaunikanso chopereka chaka chirichonse.

Lachitatu: ngongole itengedwe pa chinthu chokhalitsa chimene chiri ndi njira yobwezera. Ntchito yokuza madzi a pa Boma lino, imene bungwe la Northern Region Water Board linagwira ndi ndalama zochokera ku African Development Bank ndi thumba la OPEC, idzapindula ngati mabilu alipidwa. Ndinena izi ndikuyang'ana kumene kwakhala akulu a maofesi, chifukwa si chinsinsi kuti m'dziko muno nthambi za Boma zakhala m'gulu la ochedwetsa mabilu a madzi. Ndiponso madziwo amachokera kumapiri a Viphya. Tikatha nkhalango ya Perekezi ndi makala, tidzakhala tikubweza ngongole ya mipope youma.

Lachinai, limene liri lalikulu pa onse: ndalama za anthu ziwerengedwe pamaso pa anthu. Pa mjigo, pa sukulu, pa msika ndi pa ofesi ya Khonsolo pakhomedwe pepala mwezi uliwonse lonena zimene zalowa, zimene zatuluka ndi zimene zatsala. Wopereka aliyense alandire lisiti. Anthu aja a m'mudzi wa mjigo wakufa, nditakhala nawo pansi nthawi yaitali, anandiululira kuti analeka kusonkha chaka chimene ndalama za thumba zinabwerekedwa pa maliro a kwa wachibale wa mkulu wina, osabwezedwa. Kuyambira pamenepo palibe anaponyamo tambala.

Ndisanakhale pansi, ndinene za chuma china chimene boma lino liri nacho kuposa maboma ambiri, ndicho ana athu a ku Joni. Ulendo umene unayamba ndi msonkho wa atsamunda, nupitirira ndi Wenela, ukalipo lero, ndipo nyumba za malata zimene tiziona m'midzi ndi umboni wake. Anyamata amenewa ali ndi magulu awo ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, ndipo mnzawo akamwalira amasonkha msanga ndalama zobweretsera maliro kumudzi. Anthu otha kusonkhera maliro akhozanso kusonkhera mlatho, akatsimikiza kuti ndalama zawo sizidyedwa. Ku Mexico, kuyambira 2002, boma linayendetsa kwa zaka zambiri ndondomeko yakuti magulu a nzika zokhala ku America akasonkha ndalama imodzi ya chitukuko cha kwawo, boma lalikulu, boma la chigawo ndi khonsolo aziikapo imodzi imodzi, zikhale zinai. Palibe chotiletsa kuyesa zofanana ndi zimenezi pa mlingo wathu: mudzi ndi ana ake a ku Joni akasonkha theka la mtengo wa chipinda cha sukulu, Khonsolo iikepo theka linalo, ndipo zithunzi za ntchito pamodzi ndi malisiti zitumizidwe pa WhatsApp kwa onse amene anasonkha.

Tsono kwa inu atsogoleri anzanga a m'madera ndi m'nthambi, pempho langa ndi ili. Tileke kulonjeza anthu zaulere pa misonkhano, pakuti walira mvula walira matope, ndipo wolira mjigo waliranso chopereka. Mtsogoleri akhale woyamba kulipira pa mjigo ndi pamsika, ndipo lisiti lake alionetse. Wina asavale nsalu kapena malaya a chipani nkumatolera ndalama pamsika kapena pa depoti, chifukwa ntchito imeneyo ndi ya Khonsolo. Pa mjigo pasafunsidwe kuti munthu anavotera ndani, popeza kolera safunsa zimenezo.

Kwa inu ogwira ntchito m'Boma, ndinu amene musunga mabuku ndi makiyi. Mukalemba pulani ya ntchito yatsopano, lembaninso mtengo wa kuisamalira kwa zaka zisanu, ndipo mutiuze ife andale zoona ngakhale pamene sitifuna kuzimva. Galimoto ya Boma, mafuta ake ndi mankhwala a m'chipatala zinagulidwa ndi msonkho wa mayi uja wa tomato. Mawu akuti "nza Boma izi" achoke pakamwa pathu tonse.

Mvula isanagwe, ndipempha nthambi iriyonse ikhale pansi ndi a nyakwawa ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, muwerenge mijigo, mipope, timilatho ndi zipinda za sukulu za m'dera lanu. Pa chirichonse mulembe zinthu zitatu: ngati chikugwira ntchito, dzina la woyenera kuchikonza, ndi ndalama zimene ziri m'thumba lake lero. Mapepala amenewo mukapereke kwa khansala wanu, ndipo ena mubwere nawo pa msonkhano wathu wotsatira kuti tidzawerenge pamodzi. Ine ndidzabwera ndi la mudzi uja wa mjigo wakufa, chifukwa ndinawalonjeza kuti ndidzabwererako.